Zala zachita dzanzi chinditemereni chikwanje, zidzachira?

FUNSO: Adokotala, chikwanje chinanditema pamkono, pomangira wotchi, ndikudula nsungwi. Kuchipatala anati nevu inaduka koma anailumikiza. Pano patha miyezi iwiri, bala linapola koma kachala kakang'ono ndi kotsatira kake ndi dzanzi lokhalokha, nthawi zina ndimamva ngati shoko ya magetsi. Anzanga akuti basi zinafa zimenezo. Zoona? Ndine mlimi wa ku Ntcheu.

YANKHO: Achimwene, musataye mtima, pa nkhani ya manevu, timitsempha tonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo, miyezi iwiri ndi yochepa zedi. Nevu ikaduka, mbali yopita ku zala ija imafota ndithu ngakhale asoke bwino bwanji, izi anaziona koyamba ndi wasayansi wa ku England Augustus Waller mu 1850 pa manevu a achule. Ndiye apa ndi pomwe asilikali a m'thupi amalowerera. Tsiku loyamba amafika ma neutrophil, pakatha masiku atatu kapena anayi ma macrophage ayamba kukhamukira, ntchito yawo kudya zinyenyeswa za nevu yofotayo ndi mafuta oikuta aja otchedwa myelin, chifukwa zinyalalazi zikatsala nevu yatsopano imasowa podutsa, ngati mmene simungadzale m'munda musanasose. Kenako maselo a Schwann, omwe amakuta nevu, amandandalika m'kanjira kakale kaja kuti tinthambi tatsopano tilondole.

Koma ulendo wake ndi wa nyerere, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, masentimita atatu pa mwezi. Kuchoka pomangira wotchi kukafika kunsonga ya chala werengerani miyezi isanu, isanu ndi umodzi, mwina kuposa. Shoko ija ine sindida nayo nkhawa. Gogodani pang'ono m'mbali mwa dzanja, muike chizindikiro pomwe mukuimva, ngati mwezi ndi mwezi ikusendera ku zala ndiye kuti nevu ikumera.

Chomwe chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri amasiya mafizo bala likangopola. Minofu ikakhala chaka kapena chaka ndi theka nevu isanafike imafooka osabwereranso, zala n'kupindika. Pitirizani mafizo, fodya ndi kachasu mupumire, kayezetseni shuga poti amachedwetsa kumera kwa manevu. Samalaninso ndi mbaula ndi mapoto otentha, chala cha dzanzi chimapsa mwini wake osamva. Ikatha miyezi itatu shoko ili pamodzimodzi, bwererani kwa amene anakusokani akaonenso, musadikire chaka.