Guluu wa nkhono za m'nyanja ndi ndowa ya amayi anga

Bambo wina wokonza mapampu a madzi wandilembera kuti guluu aliyense amene amamatira zitsulo amamatuka akangonyowa, ndipo akufunsa ngati ndi zoona kuti kuli guluu wotengera nzeru za zolengedwa za m'nyanja.

Bambo, funso lanu landikumbutsa ndowa yamalata ya amayi anga, imene inabooka pansi pomwe dzimbiri linadya. Ndili mnyamata ndinagula guluu wa epoxy, uja wa machubu awiri osakaniza, ndipo ndinamupaka ndowayo isanaumitsitse chifukwa amayi ankafuna kukatunga madzi m'mawa mwake. Patatha masiku atatu chigamba chonse chinamatuka ngati nkhanambo ya chilonda. Ndinachitembenuza m'manja: chinali cholimba ngati mwala, koma kunsi kwake kunali kosalala, kutakakamira tizidutswa tofiira ta dzimbiri. Amayi sananene kanthu, anangopota kansanza n'kutseka chibowocho. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ndinagula guluu wachabechabe, pomwe zoona zake n'zakuti guluuyo sanakhudze n'komwe chitsulo.

Pamwamba pa zitsulo zambiri, kuphatikizapo aluminiyamu, pamakhala kakhungu kopyapyala kamene kamabwera chitsulo chikakumana ndi mpweya, ndipo madzi amakakamira kwambiri pa kakhunguko. Guluu akafika amapeza malo atatengedwa kale. Amene anatcherako mbalame ndi ulimbo akudziwa kuti umayamba wanyowetsa zala kuti ulimbowo usakumate.

Nkhono za m'nyanja zamchere zotchedwa mussel zinapeza njira yake. Zimadzimangirira pamiyala ndi pazitsulo za sitima ndi timaulusi tokhala ndi kachigamba kumapeto, ndipo zimamata zili m'madzi, mafunde akuziwomba. Mu 1981 ofufuza Herbert Waite ndi Marvin Tanzer anaonetsa kuti mu zomatira za nkhonozi muli chinthu chotchedwa DOPA. Mbali yake yogwira ntchito, catechol, ili ngati timanja tiwiri toyandikana timene timakankha madzi n'kugwira kakhungu kachitsulo kaja mwachindunji. Jonathan Wilker wa ku yunivesite ya Purdue ku America anaonetsanso kuti nkhonozi zimagwiritsa ntchito ayironi polimbitsa guluu wawo, ndipo gulu lake linalumikiza catechol ku pulasitiki wa mtundu wa polystyrene n'kupanga guluu amene anamata aluminiyamu m'madzi. Mu 2007 Haeshin Lee ndi Phillip Messersmith analengeza za polydopamine, mankhwala otengera nzeru ya DOPA, amene amakuta pafupifupi chinthu chilichonse chimene waviikamo. Chimene chimandisangalatsa koposa ndi cha mu 2023, pamene gulu la Wilker linapanga guluu wamphamvu kuchokera ku mafuta a soya, malic acid ndi tannic acid, uja wopezeka m'makungwa a mitengo.

Komabe sindikunena kuti nkhaniyi yatha, ndipo zimandipweteka anthu akamaifotokoza ngati kuti kuwotcherera zitsulo kutha mawa. DOPA sachedwa kuwonongeka akakumana ndi mpweya, ndipo akatero timanja tija sitigwiranso chitsulo bwino. Nkhono imadziteteza mwa kuyamba yatseka malowo ndi phazi lake n'kuthirapo asidi isanatulutse guluu, ndiye kuti nayonso imakonza malo kaye. Ine ndikukhulupirira kuti phunziro lenileni lagona pamenepa. Ambiri timafunafuna guluu wamphamvu, koma mwa zigamba zonse zimene ndaziona zitamatuka, n'zochepa kwambiri zimene zinasweka pakati pa guluu. Pafupifupi zonse zinasiyana ndi chitsulo pamalo pokumanirana, monga zinachitikira pandowa ija.

Nanga inu muchite chiyani?

Guluu wa nkhonoyu akadali kwambiri m'manja mwa ofufuza, choncho musamuyembekezere pa ntchito ya mawa. Palani dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, pukutani mafuta ndi spiriti kapena acetone, umitsani ndithu, pakani epoxy nthawi yomweyo, ndipo mupanikize zitsulozo tsiku lathunthu musanathire madzi. Pamene madzi amadutsa ndi mphamvu, kapena pamene pamatentha, pitani nacho kwa wowotcherera.