Funsani Anamwino: mwana akubweza mkaka, akutsamwa, akupuma ngati akuliza kamluzu

Mwezi uno mauthenga ambiri abwera pa nkhani imodzimodzi ngati munachita kupangana. Onse sindingawayankhe nde ndatolapo anayi, enanu mudzipezamo momwemu. Mayina ndachotsa ngati nthawi zonse.

Anamwino ndithandizeni. Mwana wanga ndi woyamba, ali ndi masabata 10, akangomaliza kuyamwa amabweza mkaka pena pang'ono pena wambiri mpaka kutulukira m'mphuno, patsiku ndimamusintha zovala kaya kangati, inenso bulauzi iliyonse ikungonunkha mkaka wosasa. Salira kwenikweni, akasanza amangoseka. Apongozi akuti mkaka wanga sukumuyanja ndiyambe wogula, amuna anga akuti tizimugoneka pa pilo kuti mutu ukwere. Kusikelo akuti akukwera bwino. Nditani?

Mayi, mwadziyankha nokha kumapetoko. Sikelo ikukwera, salira, akasanza amaseka. Ameneyu sakudwala, chakuvutani ndi kuchapa basi. Madokotala amati reflux. Pamene kanjira ka chakudya kochokera kummero kamalowera m'mimba pali kamnofu kamene kamatseka ngati kachitseko, kwa munthu wamkulu kamagwira zolimba koma kwa khanda kamakhala kasanakhwime nde kamangotseguka nthawi ina iliyonse. Kuwonjezera apo chakudya chake chonse ndi chamadzi, kamimba nkakang'ono, tsiku lonse amakhala chigonere. Mkakawo ulekerenji kubwerera?

Bungwe la NICE la ku UK, lomwe limalemba malangizo a zachipatala, linanena mu 2015 kuti ana osachepera 4 pa 10 aliwonse amachita zimenezi, nthawi zambiri zimayamba asanafike masabata 8, ndipo mwa ana amenewa 9 pa 10 zimakhala zatha asanakwanitse chaka. Zimanyanya cha m'ma miyezi 4, nde ndikuuziranitu, mwina ziyamba zawonjezeka kaye zisanachepe, musadzadzidzimuke. Akayamba kukhala pansi yekha mudzangoona zikuzilala. Komanso mkaka ukatayika umaoneka wambiri kuposa mmene ulili, tayesani kuthira supuni imodzi ya madzi pansalu muone mmene panyowere.

Apongozi muziwalemekeza koma pa ichi ayi. Mkaka wanu ulibe mlandu, ana akumwa wogula nawonso amabweza, penanso kuposa chifukwa botolo silichedwa kumudzaza mwana. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati bere lokha kwa miyezi 6, ngakhale madzi osamupatsa. Chomwe mungasinthe ndi kayamwitsidwe: pang'ono pang'ono koma pafupipafupi, mumugeyetse pakati komanso pomaliza, mumunyamule choimirira paphewa kwa mphindi 20 kapena 30 musanamugoneke, thewera lisamange mimba, ndipo abambo asamuseweretse momudumphitsa atangoyamwa kumene. Wosuta fodya asutire kutali. Kwa amene mukumwetsa wogula, muyezo wake ndi pafupifupi 150 ml pa kilogalamu iliyonse ya mwana pa maola 24, ambiri mukawerengera mupeza kuti mumapyoletsa.

Za pilozo nde ndikane mokweza. Khanda ligone chagada, pamalo athyathyathya, olimba, opanda pilo, ngakhale likhale lobweza mkaka. Ndikudziwa mantha ake, munthu umaganiza kuti akasanza ali chagada atsamwa. Koma thupi linapangidwa mwina: mwana akagona chagada njira ya mpweya imakhala pamwamba, ya chakudya pansi, nde mkaka wobwerera umatsikira kwawo komweko, ndipo mwana wabwinobwino amameza kapena kukhosomola yekha. Mukamukweza pa pilo kamutu kamagwera kutsogolo, chibwano n'kutsamira pachifuwa, njira ya mpweya n'kupindika, kapena amatsetsereka n'kukwirira nkhope. Ku America mu 2019 kampani ya Fisher-Price inaitanitsa timabedi take topendekeka totchedwa Rock 'n Play, pafupifupi 4.7 miliyoni, ana oposa 30 atafa, ndipo mu 2022 dzikolo linakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa timabedi totere. Awerengereni amuna anu ndime imeneyi.

Pali kusanza kwina komwe si reflux ndipo sikodikira kuti kuche. Masanzi obiriwira ngati ndulu, amagazi kapena akuda ngati khofi, thamangani. Kusanza kochita kuthuvula patali nthawi iliyonse akayamwa, makamaka mwana wa masabata 2 mpaka 8 ndipo akangosanza akufunanso bere ngati sanayamwe, kumeneko nthawi zina potulukira chakudya m'mimba pamakhala patachepa, amati pyloric stenosis, imafuna opaleshoni. Mimba yotupa, liwombo lotukuka kapena lolowa, kufooka, matewera onyowa akuchepa, kutentha thupi kufika 38 mwana asanakwane miyezi 3, sikelo yaima kapena ikutsika, kapena kusanza koyamba mwana atapitirira kale miyezi 6. Wanuyu mmene mwafotokozeramu palibe nchimodzi chomwe.

Moni anamwino. Ndine bambo, mwana wathu wamkazi ali ndi miyezi 3. Kuyambira sabata yachiwiri akamapuma pamamveka kaphokoso ngati kamluzu, makamaka akamayamwa, akalira kapena akagona chagada. Pena usiku amakhala ngati wasiya kupuma kenako n'kuyambiranso mothamanga. Mayi ake sakugona, amangokhalira kumuika dzanja pachifuwa. Nayenso amabweza mkaka. Kodi ndi mphumu?

Bambo mwachita bwino kulemba, nkhani zimenezi nthawi zambiri amasiyiridwa mayi okha. Mwana sindinamuone nde sindingakutsimikizireni, koma zimene mwalembazi zikufanana kwambiri ndi laryngomalacia, yomwe ndiyo imabweretsa kaphokoso kotere mwa makanda ambiri. Mphumu pa msinkhu umenewu si kawirikawiri, ndipo kulira kwake kumamveka kwambiri potulutsa mpweya. Uku kumamveka pokoka. Tamvetserani bwino usiku uno.

Pamwamba pa kholingo pali timinofu tomwe mwa ana ena timabadwa tofewa kwambiri, nde akakoka mpweya timagwera mkati n'kumalira. Zimayamba m'masabata awiri oyamba ngati mmene mwanenera, phokoso limakula cha pakati pa miyezi 4 ndi 8, kenako ambiri zimatha zokha akamafika chaka ndi theka kapena zaka 2. Zimakonda kuyendera limodzi ndi kubweza mkaka, chifukwa mwana akamakoka mpweya mwamphamvu amakokanso za m'mimba, asidi n'kutupitsa timinofu tija, phokoso n'kuwonjezeka. Ndi ochepa okha amene amafunika opaleshoni. Koma aonedwe ndithu, pali zina zosowa zomwe zimalira chimodzimodzi, ndipo dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero amatha kulowetsa kakamera kowonda kudzera m'mphuno n'kuona ndi maso. Musanapite mujambule vidiyo pafoni mawu akumveka ndipo chifuwa chili pamtunda, chifukwa ana awa akafika pamaso pa dokotala amangoti phee ngati mumanama kkkk.

Za kuima kupumazo, makanda sapuma mwadongosolo ngati ife. Kuima masekondi 5 kapena 10 kenako kupuma mothamanga pang'ono, mtundu wa khungu lake osasintha, zimachitika. Kukafika masekondi 20, kapena milomo, lilime ndi nkhama zatuwa kapena zabiriwira, kapena mwana walobodoka, musayambe kufunsa pa WhatsApp, nyamukani. Phunziraninso kuwerenga mpweya: mwana ali phee osalira, muwerenge mphindi yathunthu. Malinga ndi WHO, wosakwana miyezi 2 akafika ka 60 pa mphindi ndiye kuti akupuma mothamanga, wa miyezi 2 mpaka 11 ndi ka 50. Muonenso ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati kwambiri akamakoka mpweya, mphuno zikututuma, akubuula pa mpweya uliwonse, kapena akulephera kuyamwa chifukwa cha befu.

Mukaona kuti chagada phokoso likukula mudzayesedwa kumugoneka chafufumimba. Musatero pokhapokha dokotala amene wamuona atanena yekha. Ndipo usiku muzisinthana, mayiwo agoneko maola angapo osadukiza.

Anamwino, wanga anabadwa pa masabata 33, pano ali ndi miyezi 4. Ndimamumwetsa mkaka wofinya m'botolo. Amatsamwa pafupifupi nthawi zonse, maso amachita misozi, akamaliza mawu amamveka ngati muli madzi pakhosi, botolo limodzi timatha mphindi 45 iye thukuta kamukamu. Wagonekedwapo kawiri ndi chibayo. Mnzanga akuti ndikulitse bowo la titi asamavutike kukoka, wina akuti ndithiremo zolimbitsa mkaka.

Mayi, kalata yanuyi ndi imene yandikhazika tsonga. Uyu tisamuike gulu limodzi ndi woyamba uja. Kutsamwa nthawi zonse, mawu onyowa, kuyamwa kopitirira mphindi 30, kuphatikiza chibayo kawiri pa miyezi 4, zikundipangitsa kuganiza kuti mkaka wina ukumalowera njira ya mpweya n'kukafika m'mapapo. Bwererani kuchipatala sabata ino ndipo mukanene zonsezi pamodzi mmene mwandilemberamu, chifukwa mukangoti "amatsamwa" adzakuuzani kuti ana amatero. Thukuta poyamwalo mulitchulenso, nthawi zina limaloza ku mtima, amupime.

Kuyamwa si ntchito yaing'ono. Mwana amayenera kukoka, kumeza ndi kupuma motsatizana bwinobwino, ndipo luso limeneli limayamba kugwirana cha m'ma masabata 34 a mimba, nde obadwa masiku asanakwane ena amachedwa nalo. Choopsa china nchakuti makanda ena mkaka umalowa m'mapapo osakhosomola nkomwe. Nchifukwa chake pali kupima kwina komwe mwana amamwa mkaka wosakaniza ndi barium, mankhwala ooneka pa X-ray, uku akumujambula vidiyo ya X-ray, amaona mmene ukutsikira. Akatswiri othandiza kulankhula ndi omwenso amaona za kumeza, funsani ngati alipo.

Bowo la titi musakulitse chonde, kumeneko nkumuthira mkaka pakhosi asanakonzeke. Mufune titi yotulutsa pang'onopang'ono, mumugwire cham'mbali mutu uli pamwamba pang'ono, botolo likhale chopingasa osati choimika, akakoka kangapo mulitsitse apume. Akatembenuza nkhope kapena kutambasula zala, wakana, musakakamize. Amene mukuyamwitsa bere ndipo mkaka umachita kuthamanga, tsamirani chambuyo mwana akhale pamwamba panu, kapena finyani pang'ono kaye. Zolimbitsa mkakazo zimathandizadi ana ena koma osazigula mwa inu nokha, makamaka kwa wobadwa masiku asanakwane. Mu 2011 bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza za china chotchedwa SimplyThick ana oterewa atadwala matenda oola matumbo, ena kumwalira. Ndipo akakuuzani kuti kwa kanthawi adyere m'kachubu ka m'mphuno musadzione ngati mwalephera, kumakhala kupumitsa mapapo ake uku akukula.

Tsiku lina akadzatsamwa koma akukhosomola kapena kulira, musiyeni akhosomole, mumudzutse basi. Akakhala kuti mawu sakutuluka, mumugoneke chafufumimba pamkono wanu mutu uli chotsika, mumenye pakati pa mapewa ka 5, mumutembenuze mudine pakati pa chifuwa ka 5, wina akuitana thandizo. Pamimba osadina. Pemphani namwino akuonetseni ndi chidole, pongowerenga sizilowa m'manja.

Wanga wa masabata 7 amalira kwambiri madzulo, amapinda msana, amasanza, ali ndi totupa kumaso ndipo kawiri ndaona timagazi m'chimbudzi. Amamwa wogula. Mchemwali wanga wandipatsa omeprazole wotsala wa mwana wake. Ndimupatse? Ndatopa, pena ndimalira naye limodzi.

Musamupatse. Omeprazole amachepetsa asidi koma saletsa mkaka kubwerera, ndipo atamuyesa pa makanda olira anapeza kuti kulirako sikusiyana ndi kwa amene sanamwe. Asidi wa m'mimba alinso ndi ntchito yopha tizilombo, mukamuchotsa popanda chifukwa matenda a m'mimba ndi m'chifuwa amapeza mpata. Alipo ana amene amafunikadi mankhwalawa koma mlingo wake umatengera kulemera, alembe ndi dokotala. Wina akakupatsani ranitidine, mankhwala enanso ochepetsa asidi, tayani, anachotsedwa pamsika mu 2020.

Timagazi m'chimbudzi limodzi ndi totupa pakhungu ndi kusanza, ine ndikukayikira kuti thupi lake likudana ndi mapuloteni a mkaka wa ng'ombe, womwe mkaka wogula wambiri umapangidwako. Pitani nayeni mawa, thewera la magazilo mulijambule. Akaganiza chomwecho amayesa mkaka wapadera wophwanya mapuloteniwo kwa masabata 2 mpaka 4 n'kuona ngati zasintha. Wa mbuzi si njira, mapuloteni ake ndi ofanana kwambiri.

Za kutopazo ndamva mayi. Kulira kwa makanda kumanyanya cha m'ma masabata 6 mpaka 8, muli pachimake penipeni. Mukaona kuti mutu wazungulira ndipo manja ayamba kunjenjemera, mugonekeni chagada pamalo pake, tulukani mphindi 10, imbirani mchemwali wanu yemweyo abwere adzanyamuleko. Kumugwedeza mwaukali ayi, ngakhale kamodzi, ubongo wa khanda suchedwa kuvulala. Ndipo mawa mukamafotokoza za mwana, muwauzenso kuti inuyo mukumalira, amve zonse ziwiri.