Urea mumpunga wa m'dambo: chifukwa chake masamba abwereranso chikasu

Bambo, mwati munathira thumba lonse la urea m'madzi tsiku lowokera, mpunga unabiriwira kwa masabata awiri, tsopano wachita chikasu, ndiye mukufunsa ngati muonjezere. Onjezerani, koma osati m'njira yomweyo, chifukwa nayitrojeni (chakudya chobiriwitsa mbewu) wambiri wa thumba lija sanafike ku mizu.

Urea akasungunuka m'madzi oima, makamaka masana kukutentha ndipo pamadzi pali ndere, mbali yake imasanduka mpweya wa ammonia n'kuuluka. Winanso amathawa ndi madzi osefukira pamilambala. Mbande yongowokeredwa kumene mizu yake imakhala isanagwire, choncho singadye zonsezo. Feteleza wa CAN nayenso sayenera mumpunga womira: theka la nayitrojeni wake ndi nitrate, amene m'matope opanda mpweya amatayika msanga.

Thumba la makilogalamu 50 la urea lili ndi nayitrojeni wa makilogalamu 23, ndipo tani iliyonse ya mpunga imafuna nayitrojeni wa makilogalamu pakati pa 15 ndi 20. Feteleza wokulitsa, wa phosphorus ndi potaziyamu, alowe yense m'matope musanawokere. Urea mumugawe pawiri. Gawo loyamba pakatha masiku 14 mpaka 21 chiwokerereni, mpunga ukayamba kuswana. Lachiwiri ngala zikayamba kupangika mkati mwa tsinde, pafupifupi masiku 25 zisanatuluke. Mukang'amba tsinde lalikulu n'kuona kanthu koyera ngati kathonje pamwamba pa mfundo yomaliza, nthawi yake ndi imeneyo. Gawo limeneli ndi limene anthu ambiri amaliphonya, chonsecho ndi limene limachulukitsa njere pangala.

Kathiridwe kake: palirani kaye, apo ayi mukudyetsa udzu. Phungulani madzi mpaka patsale matope onyowa, tsekani potulukira, wazani urea mame atauma pamasamba, kenaka bwezerani madzi pang'onopang'ono pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Kumene kumapezeka urea wa mibulu ikuluikulu, kukwirira mbulu umodzi masentimita 7 mpaka 10 pakati pa mapando anayi, patatha sabata chiwokerereni, kumateteza nayitrojeni kuposa kuwaza.

Musanathire, yang'anitsitsani chikasucho. Chikayambira masamba akale a m'munsi, ndi kusowa kwa nayitrojeni. Chikayambira masamba ang'onoang'ono a pamwamba, kawirikawiri ndi kusowa kwa sulfure, ndipo ammonium sulphate angathandize kuposa urea. Madontho ofiirira pa mpunga wopinimbira amaloza kusowa kwa zinc. Ngati munakwirira mapesi a mpunga patangotsala masiku ochepa kuti muwokere, nawonso amalanda nayitrojeni pamene akuola. Afunika kukwiriridwa masabata atatu kapena anayi musanawokere.

Ngala zikatuluka musathirenso urea wambiri. Mpunga umangogwa ndi mphepo, kuchedwa kucha ndi kugwidwa matenda a blast, oumitsa masamba ndi ngala, ndipo popuntha mumapeza mankhusu ambiri.