Zionetsero, zipolowe, kulanda boma: mawu oyenera ndi ati?

Funso: Pa nkhani imodzi ya ku Mozambique, nyuzi inalemba "zionetsero" pomwe wailesi inati "zipolowe". Analondola ndani?

Yankho: Mwina onse, malinga ndi tsiku lake. Zionetsero ndi pamene anthu adzaza m'misewu kuonetsa kusakondwa kwawo. Zikafika poswa masitolo, kutentha galimoto ndi kuvulazana, ndiye zipolowe. Chitatha chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, zonse ziwiri zinachitika ku Mozambique, mpaka mabanja ambiri anathawira ku Nsanje. Kuukira boma ndi kwina: cholinga chimakhala kuligwetsa. Kulanda boma kumatanthauza kuti lagwadi, monga ku Madagascar mu 2009. Ngati chiwembu chalephereka, lembani "anafuna kulanda boma". Musamale ndi mawu oti "zigawenga". Amayenera magulu a zida onga omwe anayamba kupha anthu ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, mu 2017. Kutcha ochita zionetsero zigawenga n'kuwagamulira mlandu khoti lisanakhale. Ndipo mneni atsate gulu la dzinalo: "zigawenga zaukira", osati "zigawenga aukira".

Funso: Kodi "kulowerera" ndi "kulowererapo" n'zofanana?

Yankho: Ayi, ndipo kachidutswa ka "-po" kamasintha zambiri. "Dziko lakuti likulowerera nkhani za dziko lina" ndi chidzudzulo; akumva amaona munthu wodziika pa mlandu wa eni ake osaitanidwa. "Bungwe la SADC lalowererapo" kumamveka ngati kuchitapo kanthu zinthu zitavuta (SADC ndi bungwe la maiko a kumwera kwa Africa). Atolankhani ambiri amaima pamenepa, koma owerenga sadziwabe chomwe chachitika. Nenani njira yake. Ngati atumiza munthu woyanjanitsa mbali ziwiri, ndi mkhalapakati, monga anachitira Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, pa mkangano wa Madagascar. Ngati atumiza asilikali, nenani choncho: mu 1998 South Africa ndi Botswana anatumiza asilikali ku Lesotho, ndipo mu 2021 SADC inawatumiza ku Cabo Delgado. Sionse omwe ndi "osungitsa mtendere". Opita kukamenyana ndi zigawenga sakusungitsa mtendere womwe kulibe. Lembani "asilikali a SADC".

Funso: Dziko likalangidwa ndi bungwe, timati "lachotsedwa"?

Yankho: Kawirikawiri ayi. SADC inangoimitsa umembala wa Madagascar mu 2009, n'kuubwezeretsa mu 2014 chisankho chitachitika. Woimitsidwa amabwerera, wochotsedwa wapita. Ndiye lembani "laimitsidwa".

Funso: "SADC yati" kapena "SADC lati"?

Yankho: Dzinalo likaima lokha, "SADC yati". Mukatsogoza mawu oti bungwe, mneni atsate bungwelo: "bungwe la SADC lati". Chomwe chimakhumudwitsa khutu ndi kusakaniza m'chiganizo chimodzi, monga "bungwe la SADC yati".