Mwana wa Chichewa pakati pa anzake a Chishona: ECD ya boma kapena kireshi?

Mayi wina wa ku Norton ku Zimbabwe, amene amagulitsa masamba ku msika wa Mbare Musika ku Harare, wandifunsa kuti mwana wawo wakwanitsa zaka 4 koma amangodziwa Chichewa cha agogo ake. Akuopa kuti ku sukulu ya boma anzake azikamuseka, ndiye akuganiza zomulipirira kireshi (sukulu ya mkaka yoyendetsedwa ndi eni ake) ya pafupi imene amaphunzitsa Chingerezi chokhachokha.

Mayi, ine ndikuti mupite naye ku ECD (makalasi a ana aang'ono asanayambe Giredi 1) ya pa pulayimale ya boma kapena ya khonsolo. Kuyambira 2004 boma la Zimbabwe linalamula kuti sukulu za pulayimale zikhale ndi makalasi awiriwa, ECD A ndi ECD B, ndipo mwana akamaliza amalowa Giredi 1 pa sukulu yomweyo osavutika kufuna malo. Ndalama zikavuta, funsani ahedi za BEAM, thandizo la boma la fizi kwa ana ovutika. Kireshi mukaifunabe, onani kaye kalata yosonyeza kuti inalembetsedwa ku unduna wa maphunziro.

Za chilankhulo musade nkhawa kwambiri. M'tauni yaing'ono ngati Norton kalasi imodzi mumakhala ana a Chishona, a Chindebele pang'ono, ndi athu amene makolo awo anabwera kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Ndinaonapo kamtsikana kataima pakhomo la kalasi mu Januwale, kakukumbatira botolo la maheu, osayankha aliyense. Pofika Epulo ndi komwe kankatsogolera nyimbo ya Chishona pa mzere, kakafika kunyumba n'kumawafotokozera agogo m'Chichewa. Pa msinkhu umenewu khutu limagwira msanga. Chimene ndimadandaula nacho ndi makolo amene amasiya kulankhula Chichewa kunyumba poopa mayina achipongwe amene ena amatitchula. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amachitchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo mukhoza kuwauza aphunzitsi tsiku loyamba kuti mwanayu "ndikufuna kukodza" ndi "ndadwala" amanena m'Chichewa, kuti amumve.

Chimene chimagwetsa mabanja athu ambiri ndi satifiketi ya kubadwa. Ngati mwanayo alibe, tengani khadi la kuchipatala limene anakupatsani pobereka ndi chitupa chanu, mupite ku ofesi ya kalembera sabata ino, chifukwa malo a Januwale amadzaza chaka chisanathe.