Nyumba yachiwiri ya lendi: kodi yoyamba ikhale chikole?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti chaka chatha adagula nyumba yawo yoyamba ya lendi pa ngongole, muli munthu amene amalipira bwinobwino, ndipo tsopano aona ina ikugulitsidwa. Ndalama ya dipoziti alibe, koma kubanki awauza kuti angathe kuwawonjezera ngongole pa nyumba yoyamba ija kuti apeze dipozitiyo. Akufunsa ngati avomere.

Mayi, njira imeneyi ambiri amadzera, ndipo siyoipa payokha. Koma mukatero, nyumba yachiwiriyo mwaigula ndi ngongole yokhayokha: dipoziti ndi ngongole, yotsala nayonso ndi ngongole. Apa ndiye pondidetsa nkhawa.

Mabanki amaona nyumba ya lendi ngati yoopsa kuposa nyumba imene mwini wake akukhalamo, chifukwa zinthu zikathina munthu amayamba wateteza pogona pake. N'chifukwa chake ambiri amafuna dipoziti yokulirapo, kawirikawiri 20 mpaka 25 peresenti, ndipo chiwongoladzanja chimakhalanso chokwererako. Lendi samaiwerengera yonse, amachotsako gawo podziwa kuti nyumba imakhala miyezi ina yopanda munthu.

Inunso werengerani chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti lendi ndi 100 pamwezi, ndiye kuti pachaka ndi 1,200. Chotsani mwezi umodzi wopanda munthu, patsala 1,100. Chotsaninso 120 yokonzera denga, mipope ndi kupenta munthu akatuluka, ndi ina 130 ya inshuwalansi ndi msonkho. Mwatsala ndi 850. Obwereketsa ambiri amafuna kuti ndalama yotsalayi ipose zobweza kubanki ndi 25 peresenti, choncho zobweza zanu zisapitirire 680 pachaka. Mu 680 imeneyi muikemo ngongole zonse ziwiri, ya nyumba yatsopano ndi yowonjezera pa nyumba yoyamba ija. Ambiri amaiwala yowonjezerayi. Masamu akakana, ndiye kuti malipiro anu a pamwezi ndi amene adzanyamule nyumbayo, mwina kwa zaka 15 kapena 20.

Chimene ndikufuna mufunsitsitse ndi nkhani ya chikole. Mabanki ena amamanga nyumba zonse ziwiri pa mgwirizano umodzi. Zikatero, mukalephera kubweza ya nyumba yachiwiri angathe kugulitsanso yoyamba, ngakhale kuti iyo inkadzilipirira yokha popanda vuto. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Ku United States, kuchokera mu 2006 mpaka 2012 mitengo ya nyumba idatsika ndi 25 peresenti n'kupitirira, ndipo anthu amene adakongola pa nyumba imodzi kuti agule ina adapezeka ndi ngongole zoposa mtengo wa nyumba zawo. Kugulitsa sikukadawapulumutsa. Pemphani kuti nyumba iliyonse ikhale ndi ngongole yakeyake, ndipo loya wanu awerenge mapepala musanasaine.

Njira zina zilipo. Wogulitsa wina amavomera kulandira gawo la ndalama pang'onopang'ono. Mungathenso kugula ndi mnzanu, bola zonse zilembedwe, makamaka za tsiku limene mmodzi adzafune kutulukamo. Ngongole za chiwongoladzanja chokwera zobweza m'miyezi yochepa zokha musaziyandikire, lendi singazikwanitse.

Ine maganizo anga ndi akuti mudikire kaye. Chaka chimodzi n'chochepa kuti nyumba yoyamba ikuonetseni khalidwe lake lenileni. Simunaone munthu akutuluka mwadzidzidzi, kapena kukhala miyezi itatu osalipira inu banki ikukudikirani. Lendi ya nyumba yoyambayo muziisunga pa akaunti yakeyake, kuti banki idzaone umboni wa ndalama zolowa, ndipo musonkhanitse ndalama yokwana kubweza ngongole zonse kwa miyezi 6 popanda lendi. Mwina nyumba mwaionayi ipita, ndikudziwa kuti zimenezi zikuwawani, koma nyumba zogulitsa sizitha.

Ngati masamu aja akuvomera ndipo ndalama ya miyezi 6 muli nayo kale, pitani kubanki ziwiri kapena zitatu, osati yanu yokha. Kafunseni ngati chiwongoladzanja n'chokhazikika kapena chimasintha, ngati pali chindapusa mukabweza msanga, komanso ndalama zonse za loya, woyesa mtengo wa nyumba ndi kusinthitsa umwini. Ngati chimasintha, bwerezani masamu aja mutachiwonjezera 3 peresenti, muone ngati 850 ija ikukwanirabe.