Mvula ikagwa usiku sindigona, kodi chikhulupiriro changa chinatha?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Mulanje, cha ku Muloza uko, dzina andipempha kuti ndisatchule. Akuti chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mvula ikangoyamba kugogoda pa malata usiku mtima umathamanga, tulo osabwera, amangokhala tsonga kumvetsera ngati kuphiri kukuchokera mkokomo. Alamu awo, mayi a Mvano opemphera kwambiri, anapita ndi madzi. Ndiye wina ku mapemphero wawauza kuti mantha amenewo ndi umboni woti alibe chikhulupiriro. Funso lawo ndi ili: "Ndingadalire bwanji chitetezo cha Mulungu pomwe amene ankapemphera kundiposa sanatetezedwe? Nanga iye amachedweranji?"

Mayi, pepani ndithu. Ndiyambe ndi munthu wakumapempheroyo chifukwa wandikwiyitsako pang'ono. Thupi lanu linaona matope ndi miyala ikuluikulu zikutsika phiri, linamva anthu akukuwa mumdima, ndiye mvula ikamveka likukumbuka basi, palibe tchimo pamenepo. Davide weniweniyo mu Masalimo 56 akuti tsiku lomwe ndachita mantha ndidzadalira Inu, kusonyeza kuti mantha ankamupeza ndithu ndipo ankapemphera ali nawo choncho. Yesu ku Getsemane thukuta linachita kutsika ngati madontho a magazi. Nanga iyeyo timunene kuti analibe chikhulupiriro?

Tsono za alamu anu. Apa sindikunamizani kuti ndizophweka. Freddy anapha anthu opitirira 1,000 m'dziko muno, ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Phalombe, kuno kwathu ku Mulanje, ndipo mwa iwo munali akulu ampingo, amakwaya, ana a Sande sukulu. Akuluakulu amakumbukanso napolo wa 1991 uja anatsika phiri la Michesi nkukokolola midzi ku Phalombe, nakonso kunali akhristu. Wina aliyense wokuuzani kuti opulumuka ndi omwe anapemphera bwino asakusokonezeni. Tsegulani Machitidwe 12 muone, mutu umodzi womwewo Herode akupha Yakobo ndi lupanga, kenako akumanga Petro, koma Petro mngelo akumutulutsa m'ndende usiku maunyolo ali gwee pansi. Onse awiri atumwi, onse awiri anayenda ndi Yesu, ndipo Baibulo silikutiuza kuti Yakobo analakwa pena. Pa Luka 13 Yesu mwini anakana poyera kuti anthu 18 omwe nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anzawo. Alamu anu sanasiyidwe mayi. Ife timakhulupirira kuti ngakhale imfa singamulekanitse munthu ndi chikondi cha Mulungu, lonjezo lake ndi limenelo, pomwe loti madzi sadzafika pakhomo pa wopemphera ine sindinalipeze.

Za kuchedwa, ine ndimakonda kwambiri Marita wa pa Yohane 11. Anatumiza uthenga kuti mlongo wawo Lazaro wadwala, Yesu anamva bwinobwino koma anakhalanso masiku awiri komwe anali, pofika anapeza mwambo wa maliro unachitika kale, munthu wagona m'manda masiku anayi. Marita sanabise, anamuuza pamaso kuti mukanakhala kuno mlongo wanga sakanafa. Ndipo Yesu sanamudzudzule kuti wayankhula mopanda ulemu ayi, mapeto ake analira nawo limodzi. Ndiye inunso mukhoza kumuuza Mulungu momwemo, kuti Ambuye munachedwa, zinandipweteka, mpaka pano sindikumvetsa. Mawu aja timakonda kuponyerana pa WhatsApp oti nthawi ya Mulungu ndi yabwino ndi oona, koma kumuuza munthu yemwe mtembo wa m'bale wake sunapezeke nkomwe, aaa tizisamala nawo abale.

Pali china chomwe ndikufuna muchigwire. Kudalira Mulungu ndi kusamuka akachenjeza a zanyengo sizitsutsana. Pali ena amakana kuchoka m'mbali mwa mtsinje wa Ruo kapena wa Likhubula ati Masalimo 91 andiphimba, kuiwala kuti salimo lomwelo satana analigwiritsa ntchito pomuuza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, Yesu nkukana kuti usamuyese Mulungu. Paulo pa Machitidwe 27 anali ndi lonjezo loti mwa anthu 276 a m'ngalawa ija palibe adzafe, komabe anawakakamiza kudya, analetsa amalinyero kuthawa, ndipo ena anakafika kumtunda atakakamira matabwa a ngalawa yosweka. Matabwawo analinso chitetezo cha Mulungu.

Ndiye chitani izi dzinja lisanafike pachimake. Chitupa cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana, masetifiketi, ndalama pang'ono, mangani mu jumbo muike m'chikwama chimodzi pafupi ndi khomo, pamodzi ndi tochi ndi mankhwala ngati pali amene amamwa tsiku ndi tsiku. Foni izigona ndi moto, wailesi ikhale ndi mabatire. Mugwirizane ndi aneba masana dzuwa likuwala kuti zikavuta tithawira pa sukulu iti kapena tchalitchi chiti, ndani anyamula agogo, ndani adzutsa a nyumba yakumapeto ija. Mukamagona mukudziwa komwe mukalowere mtima umatsikako, ndipo pemphero lanu silikhalanso longokuwa.

Mantha osawayankhula ndi amene ine ndimawaopa. Tonse tikukumbuka 2017 nkhani ya anamapopa momwe inatizunguzira kuno ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, anthu kugona panja m'magulu, osalakwa kuphedwa chifukwa cha mphekesera chabe. Ndiye mantha anuwo musawasunge nokha mumtima. Pezani mayi mmodzi kapena awiri a ku mpingo omwe mungawaimbire ngakhale 2 koloko usiku mvula ili pakati. Ndipo ngati kusagonaku kukupitirira, mukulota madzi, chakudya sichikulowa, pitani ku chipatala mukafotokoze monga mwandifotokozera ine, amenewa ndi matenda odziwika kwa anthu omwe anaona zoopsa ndipo thandizo lake lilipo.

Mwatchulanso kuti mwana wanu wamng'ono amadzuka nanu limodzi. Ameneyo musamuuze kuti usaope palibe chichitike, anaona yekha ndi maso ake. Muonetseni chikwama chija, mumuuze komwe mudzapite, kenako mupemphere naye mokweza kuti azimva. Mundilemberenso mundiuze mmene akugonera.